Tonse ndife akuda, nanga mwana wachialubinoyu wachokera kuti?

Funso: Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi ana atatu. Awiri oyamba ndi akuda ngati ife, koma wachitatu, amene wabadwa miyezi inayi yapitayo, ndi wachialubino. Kwathu kulibe munthu wotere, ndipo kwawo kwa mkazi wanga akuti sadamvepo. Mwana wathu wachisamba adabadwa ndi kachala kowonjezera kudzanja ngati ine ndi malemu bambo anga, choncho alongo anga akuti magazi a kwathu sabisala, uyu ndi wa mwamuna wina. Ena akuti mkazi wanga adaseka munthu wachialubino ali woyembekezera. Mwanayu ndimamukonda, koma mtima wanga suli m'malo. Kodi angakhale wanga? Nanga tikadzabereka wina adzakhalanso chomwechi?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Inde, mwanayo angakhale wanu, ndipo khungu lake silikupereka chifukwa ngakhale chimodzi chowakayikira mayi a kunyumba. Ana ambiri achialubino, kuno kwathu ngakhale kunja, amabadwa kwa makolo awiri amene si achialubino, ndipo kawirikawiri makolowo sakumbuka wachibale aliyense wotere. Zimene zachitika m'nyumba mwanu ndimo mmene chialubino chimabwerera nthawi zambiri. Palinso mfundo imene alongo anu ayenera kuimvetsa: mwana sakhala wachialubino chifukwa cha mayi yekha. Chimafunika chichokere uku ndi uku, kwa mayi ndi kwa bambo. Mwanayo pokhala wanu, ndiye kuti theka la chialubino chake lachokera mwa inu, ndipo n'kutheka kuti ena mwa alongo anu amene akulankhulawo nawonso adachinyamula osadziwa.

Kuti zimveke, tilowe pang'ono m'kati mwa thupi. Thupi limamangidwa ndi maselo, ndipo m'maselomo muli malangizo a kapangidwe ka munthu yense, olembedwa mu DNA. Malangizowa adagawika m'zigawo zimene asayansi amazitcha majini, ndipo apa sitikunena za mizimu ayi. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opangitsa zinthu zosiyanasiyana m'thupi, ndipo adandandalikidwa pa tizingwe 46 totchedwa makromozomu. Tizingwe 23 timachokera m'dzira la mayi, 23 tinato mu umuna wa bambo. N'chifukwa chake pafupifupi jini lililonse tili nalo pawiri: lina la kuchimuna, lina la kuchikazi. Munthu akamabereka sapereka onse awiri kwa mwana. Amapereka limodzi lokha pa awiriwo, ndipo sasankha kuti lipite liti.

Kuda kwa khungu, tsitsi ndi maso kumabwera ndi utoto wotchedwa melanin, umene maselo ena a pakhungu amapanga. Pali majini angapo amene amathandiza pa ntchito imeneyi. Limene limakhudzidwa kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa limatchedwa OCA2, ndipo lili pa kromozomu 15. Mwa anthu ambiri achialubino a kuno, kachidutswa ka jinili kadasowa, kachidutswa komweko mwa anthu a mitundu yosiyanasiyana yolankhula zinenero za Chibantu, zomwe zikusonyeza kuti kusinthaku kudachitika kalekale mwa makolo athu akale, mitundu isanabalalike. Jini losowa kachidutswali siligwira ntchito yake.

Tsono taganizani mudzi umene uli ndi zigayo ziwiri. Chimodzi chikafa, chinacho chimagayabe, anthu amadya nsima monga mwa masiku onse, ndipo mlendo wodutsa sangadziwe kuti pali chigayo chakufa. Ufa umasowa pokhapokha zonse ziwiri zitaima. Ndimo zilili ndi jini la OCA2. Munthu amene ali ndi limodzi logwira ntchito ndi lina losagwira amapanga melanin wokwanira, amakhala wakuda bii ngati wina aliyense, maso ake amaona bwino, ndipo palibe dokotala amene angamuzindikire pongomuyang'ana. Ameneyu timati wanyamula chialubino. Mwana amakhala wachialubino akalandira losagwira kwa mayi ndi losagwiranso kwa bambo. Chibadwa chotere, chimene chimaonekera pokhapokha majini onse awiri atafanana, m'mabuku a Biology amachitcha recessive. Ine ndizingoti chobisala. Chimene chimaonekera ngakhale jini lake lili limodzi lokha amachitcha dominant, ndipo ndizichitcha choonekera.

Woyamba kuona dongosolo limeneli adali Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ankakwatitsa mbewu za nsawawa m'munda wa kunyumba ya ansembe n'kumawerenga zotuluka. Atakwatitsa nsawawa za maluwa ofiirira ndi za maluwa oyera, mbewu zonse zotuluka zidachita maluwa ofiirira, ngati kuti kuyera kuja kwatheratu. Koma atalola mbewu zimenezi kuberekana zokhazokha, kuyera kudatulukiranso: zofiirira 705, zoyera 224, kutanthauza pafupifupi imodzi mwa zinayi zilizonse. Adasindikiza zimene adapezazi mu 1866, anthu osazilabadira mpaka 1900. Patangopita zaka zochepa, dokotala wa ku London, Archibald Garrod, adaonetsa kuti malamulo omwewa amagwiranso ntchito mwa anthu, ndipo mu 1908 adatchula chialubino pakati pa zitsanzo zake. Choncho zimene ndikukuuzanizi si zongopeka za dzulo. Zadziwika kwa zaka zoposa 100.

Chiwerengero cha Mendel cha imodzi mwa zinayi ndicho chikugwiranso ntchito m'banja mwanu. Inu muli ndi jini logwira ndi losagwira, mayi a kunyumba chimodzimodzi. Pa mimba iliyonse pali njira zinayi zimene majiniwa angakumanire, zonse zotheka mofanana. Mwana angatenge logwira kwa inu ndi logwira kwa mayi ake: ameneyu ndi wakuda ndipo sadanyamule kanthu. Angatenge logwira kwa inu, losagwira kwa mayi ake, kapena losagwira kwa inu, logwira kwa mayi ake: njira ziwirizi zimapereka mwana wakuda amene wanyamula, ngati inu nomwe. Njira yachinayi ndiyo ya losagwira uku ndi uku, ndipo ndi imene wadzera mwana wanu wachitatu.

Mwafunsa za mwana wotsatira. Mpata woti adzakhale wachialubino ndi umodzi mwa inayi, ndipo woti adzakhale wakuda ndi itatu mwa inayi. Apa anthu ambiri amasokonezeka, poganiza kuti popeza wachialubino wabadwa kale, atatu otsatira ndi akuda basi. Sizitero. Mimba iliyonse imayamba payokha, osawerengera zimene zidachitika pa inzake. Alipo mabanja amene adabereka ana achialubino awiri kapena atatu motsatizana, aliponso ena amene makolo onse adanyamula koma ana onse adabadwa akuda. Mukawerengetsa bwino, pa mabanja a ana anayi amene bambo ndi mayi onse adanyamula, pafupifupi limodzi mwa atatu silidzaona mwana wachialubino ngakhale mmodzi.

Mfundo imeneyi ikuyankhanso mawu akuti "kwathu kulibe". Jini losagwira likhoza kuyenda mwakachetechete kuchoka kwa agogo kupita kwa mwana, kwa mdzukulu, kwa chidzukulu, mibadwo isanu kapena khumi, osaonekera, malinga ngati wolinyamulayo akukwatirana ndi munthu amene alibe. Ndipo olinyamula ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Kafukufuku amene adachitika ku Soweto, ku South Africa, adapeza kuti mwa anthu akuda 3,900 mmodzi ndi wachialubino. Kuti zitero, pafunika kuti munthu mmodzi mwa 32 alionse akhale wonyamula. Masamu ake ndi osavuta: ngati mmodzi mwa 32 wanyamula, banja limodzi mwa mabanja pafupifupi 1,000 ndilo limakhala la onyamula awiri, ndipo mwa ana awo mmodzi mwa anayi ndiye wachialubino. Ku Ulaya ndi ku America chialubino n'chosowerapo, munthu mmodzi mwa 17,000 mpaka 20,000. Kuno ku Malawi kalembera wa 2018 adawerenga anthu achialubino oposa 134,000, kuposa kutali zimene anthu ankayerekeza kale. Choncho pa maliro kapena pa ukwati uliwonse waukulu pamakhala anthu angapo onyamula jinili, akuda onsewo, osadziwa kanthu. Tisaiwalenso kuti mbiri ya banja imene timaidziwa imathera kwa agogo kapena makolo a agogo, ndipo kale ana ena achialubino ankabisidwa kapena kutayidwa atangobadwa, nkhani yake osakambidwanso. "Sitidamvepo" sikutanthauza kuti kudalibe.

Tibwere ku kachala kaja, chifukwa ndipo alongo anu aimika mlandu wawo. Adaona bwino ndithu kuti kachalako kachoka kwa malemu bambo anu, kubwera kwa inu, kupita kwa mwana wanu wachisamba. Kachala kowonjezera ka pambali pa chala chaching'ono kamapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu, ndipo m'mabanja ambiri kamayenda monga chibadwa choonekera: jini limodzi lochokera kwa kholo limodzi ndi lokwanira. Kholo limene lili nalo limapatsira pafupifupi theka la ana ake, n'chifukwa chake kamaoneka m'badwo uliwonse, ngakhale nthawi zina munthu amakhala ndi jinilo kachalako osatuluka. Pamene alongo anu alakwitsa ndi poganiza kuti zonse za m'magazi zimayenda ngati kachalako. Mwa majini anu ena ndi oonekera, ena ndi obisala, ndipo onsewo ndi anu mofanana. Onaninso kuti malinga ndi kalata yanu, mwana wachiwiri alibe kachalako, koma palibe amene wanena kuti si wanu. Iye adangotenga jini linalo, lochokera kwa mayi anu. Kusowa kwa kachala pa wachitatuyu nakonso sikunena kanthu.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa mawu akuti choonekera ndi chobisala, chifukwa amasocheretsa ngakhale ana a sukulu. Choonekera sichitanthauza champhamvu, chabwino kapena chofala, ndipo chobisala sichitanthauza chofooka. Nkhani yakuti magazi a bambo ndi amphamvu kuposa a mayi ilibe maziko: aliyense amapereka tizingwe 23. Taonani magulu a magazi. Gulu O ndi lobisala, pamene A ndi B ndi oonekera, komabe O ndilo gulu lofala kwambiri kuno. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B akhoza kubereka mwana wa gulu O ngati onse awiri adanyamula O mobisika, ndipo mabanja ena adagwedezekapo pachabe ataona zotsatira zotere kuchipatala. Kumbali ina, pali kufupika kwa msinkhu kotchedwa achondroplasia, kumene miyendo ndi manja zimakhala zazifupi kwambiri. Kumeneku n'koonekera koma n'kosowa, ndipo ana pafupifupi 8 mwa 10 otere amabadwa kwa makolo a msinkhu wamba, chifukwa jinilo limasintha mwatsopano mu umuna kapena m'dzira. Ndiye pali zinthu zambiri zimene sizitsata dongosolo la jini limodzi n'komwe. Kutalika, maonekedwe a mphuno ndi nkhope, ngakhale kuderapo kapena kuyererapo kwa khungu la anthu amene si achialubino, zimapangidwa ndi majini ambirimbiri pamodzi. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi amasiyana, wina woyererapo, wina wakuda kuposa makolo onse. Kuweruza kuti mwana ndi wa yani pomuyang'ana nkhope kapena khungu ndi njira imene yalakwira amayi ambiri osalakwa.

Matenda a sickle cell, amene akuvutitsa ana ambiri m'zipatala zathu, amayenda ndendende ngati chialubino. Makolo awiri athanzi, aliyense wonyamula jini limodzi, amabereka mwana amene amasowa magazi pafupipafupi ndi kumva kuphwanya kwa mafupa, ndipo mpata wake ndi womwewo, umodzi mwa inayi. Jini limeneli lidafala m'madera a malungo chifukwa wonyamula limodzi amatetezekako ku malungo aakulu, monga adaonetsera wasayansi Anthony Allison kum'mawa kwa Africa mu 1954. Kumenekonso mayi ndiye amalozedwa chala kawirikawiri, pamene jinilo lachokera mbali zonse ziwiri.

Za kuseka munthu wachialubino ali woyembekezera, yankho ndi lalifupi. Majini a mwana amakhazikika tsiku limene dzira lakumana ndi umuna, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Chimene adaona, adadya, adanena kapena adakhudza pambuyo pake sichingasinthe zimenezo. Sikuti adagona ndi mzungu: mwana wa mzungu ndi munthu wakuda amapanga melanin, maso ake amaona bwino, ndipo sakhala wachialubino pokhapokha makolo onse awiri atanyamula jini losagwira. Si ufiti, si tsoka, si chilango, ndipo sichipatsirana pokhudzana kapena podyera mbale imodzi.

Ndinene moona kuti chialubino pachokha sichitsimikiza kuti bambo wa mwana ndi uje. Chimangotiuza kuti bambo wake ndi wonyamula, ndipo inu mukhoza kukhala wonyamula ngati munthu wina aliyense wakuda. Chimene chimatsimikiza ubale ndi kuyeza DNA ya bambo ndi mwana. Koma ngati chokhacho chimene chadzetsa chikayiko ndi khungu la mwanayu, ine sindikuona chifukwa chowonongera ndalama ndi kuwapweteka mtima mayi amene angobereka kumene. Mukadapanda kuwakayikira mwanayu akadabadwa wakuda, musawakayikire lero.

Pali zina zokhudza banja lonse zimene ndi bwino muzidziwe. Ana anu awiri akudawo, aliyense ali ndi mipata iwiri mwa itatu yoti adanyamula. Izi sizidzawadwalitsa, ndipo angadzabereke mwana wachialubino pokhapokha atakwatirana ndi wonyamula mnzawo. Inu mudalandira jinili kwa bambo kapena mayi anu, choncho mlongo wanu aliyense, ndi mchimwene wanu aliyense, ali ndi mpata umodzi mwa iwiri woti nayenso ali nalo. Maukwati a pachibale, monga a chisuweni amene miyambo ina imalola, amakweza mpata woti onyamula awiri akumane, popeza asuweni amatha kutenga jini lomwelo kwa agogo amodzi, koma ana ambiri achialubino amabadwa kwa makolo amene palibe ubale uliwonse. Wachitatuyu akadzakula n'kukwatirana ndi munthu amene sadanyamule, ana ake onse adzakhala akuda, ngakhale onsewo adzakhala onyamula. Akadzapeza wonyamula, mpata udzakhala theka pa mimba iliyonse. Anthu awiri achialubino cha mtundu umodzi amabereka ana achialubino okhaokha.

Tsopano za mwanayo, pakuti pamene akuluakulu akukangana iye akukula, ndipo dzuwa silidikira kuti mlandu uthe. Melanin ndiye amatchinjiriza khungu ku mphamvu ya dzuwa. Popanda iye khungu limapsa msanga, limachita zilonda ndi zikhakha, ndipo pakapita zaka zimenezi zimasanduka khansa ya pakhungu, imene yatenga miyoyo ya anthu ambiri achialubino mu Africa muno akadali achinyamata. Khansa imeneyi ndi yopeweka, ndipo kupewa kumayamba pano. Pa msinkhu wa miyezi inayi chitetezo chachikulu ndi mthunzi ndi zovala: asamaberekedwe kumbuyo mutu ndi miyendo zili padzuwa popita kumunda kapena kumsika, makamaka kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Muvekeni zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, ndi chipewa cha khonde lalikulu chophimba makutu ndi khosi. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kudzola mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo (SPF ndi nambala yolembedwa pa botolo yosonyeza mphamvu ya mafutawo), tsiku lililonse, ngakhale kuli mitambo, pamalo onse osavala, osaiwala milomo, makutu ndi kuseri kwa khosi. Kafunseni za mafutawa kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, komanso ku bungwe la Association of Persons with Albinism in Malawi, limene ambiri amalidziwa kuti APAM. Chilonda chilichonse chimene chatha masabata angapo osapola chikaonedwe ndi dokotala msanga.

Maso nawo amafuna melanin kuti akhwime bwino mwana ali m'mimba, choncho pafupifupi munthu aliyense wachialubino amavutika kuona patali ndipo kuwala kwambiri kumamuthobwa. Mwina mwayamba kale kuona maso ake akugwedezeka uku ndi uku. Musachite mantha, zimayendera limodzi ndi chialubino, ndipo sizitanthauza kuti adzachita khungu. Mupite naye kwa dokotala wa maso asanakwanitse chaka, ndipo muzibwererako akamakula, chifukwa magalasi amathandiza ngakhale sathetsa vuto lonse. Nzeru zake sizikhudzidwa m'pang'ono pomwe. Ana achialubino ambiri amene amatsalira m'kalasi amatsalira chifukwa saona pabolodi, choncho akadzayamba sukulu mukakambe ndi aphunzitsi kuti azikhala kutsogolo, aziloledwa kuyandikira bolodi ndi kuvala chipewa chake, ndipo pa mayeso azipatsidwa mapepala a zilembo zikuluzikulu. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'dziko muno.

Mukudziwanso zoopsa zimene dziko lathu laona kuyambira cha mu 2014, anthu achialubino kubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Mafupa awo ndi ofanana ndi anu ndi anga, kusiyana kuli pa utoto wa khungu, tsitsi ndi maso basi. Mwana amene bambo ake amukana, mayi n'kutsala yekha akunyozedwa ndi abale, ndiye amakhala pangozi yaikulu, chifukwa anthu oipa amayang'ana nyumba imene ilibe woiteteza. Dziwitsani amfumu ndi apolisi a m'dera lanu kuti pakhomo panu pali mwana wachialubino, konzani zitseko ndi mawindo a nyumba, ndipo akayamba kuyenda asamatumidwe yekha kutali kapena kusiyidwa ndi anthu amene simukuwadziwa bwino. Tsiku limene mudzapite naye kusikelo kapena kwa dokotala wa maso, mutenge mmodzi mwa alongo anu, makamaka amene amamvedwa kwambiri pabanja, kuti akadzifunsire yekha kwa achipatala ndi kumva kuti jinili limachokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe.